Wezulo Pansi pa Konkire

Alamu anga, amuna awo a achemwali anga aakulu, anali wapolisi wa pamsewu. Kwa zaka zambiri ankaima pamphambano yaikulu ya m'tauni mwathu, pamene msewu wochokera kumsika umadutsana ndi wopita kuchipatala. Nthawi imeneyo pamalopo panalibe maloboti. Panali iwo, magolovesi oyera ndi wezulo. Madalaivala a minibasi anawapatsa dzina loti a Chitsa, chifukwa akangokweza dzanja kuti uime, ngakhale ulize hutala mpaka batire ithe, munthuyo sankasuntha. Dzinalo ankalidziwa, ndipo wina akawaitana nalo ankayankha.

Ine ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo. Ndimapanga mageti, mabedi, mafelemu a mawindo, ndipo shedi yanga ili kuseri kwa msika, osati kutali ndi mphambanoyo. Tsiku lina tinakweza geti lalikulu pa kagalimoto ka mnzanga, titalimanga ndi chingwe chimodzi chowola. Ndinamuuza mnzangayo kuti asade nkhawa, pamphambano pali alamu anga. Titafika, dzanja loyera lija linakwera.

“Alamu, ndife,” ndinatero nditatulutsa mutu pawindo.

“Ndakuonani,” anayankha. “Alamu anga ndimacheza nawo kunyumba. Pano ndikuona geti lofuna kudula munthu khosi. Tsitsani.”

Tinalitsitsa, n'kulinyamula pamapewa mpaka kwa mwini wake, makondakitala akutiseka njira yonse. Madzulo ake anabwera kwathu, anamwa tiyi wanga, n'kundifunsa ngati mapewa ali bwino.

Sindinena kuti anali mngelo. Ankakwiya msanga, ndipo akakwiya sankalalata, ankangotseka pakamwa mpaka nyumba yonse kuzizira. Achemwali ankadandaula kuti mawu awo onse amathera mu wezulo, kunyumba amabwera ndi otsala. Akaweruka ankavula nsapato pakhomo, n'kuviika mapazi m'beseni la madzi ofunda a mchere, wailesi ili pamwendo. Mapaziwo ankawapweteka chaka chonse. Anali otupa, zidendene zong'ambika, ndipo mwana wawo wamkazi ali wamng'ono ankakhulupirira kuti apolisi onse amagona mapazi ali m'madzi.

Chinthu china chimene anthu a pamsewu sankachidziwa n'chakuti munthu wamkulu thupi ameneyu ankaopa malo otsekeka. Atangolowa ntchito anawaika koyang'anira zitokosi, ndipo sanakhalitseko. Anakapempha okha kuti awatumize pamsewu, chifukwa akalowa m'kanjira kopita kuzitokosiko mpweya unkawathera. Kunyumba ankagona windo lili lotsegula ngakhale nyengo yozizira. Achemwali akatseka, iwo ankadzuka n'kutsegula. Ukwati wawo wonse ankakangana za windo limenelo, ndipo palibe anagonja.

Moyang'anizana ndi pamene ankaimapo panali nyumba yosanja. Pansi panali sitolo ya nsalu ndi ina ya mankhwala, pamwamba panali sukulu yosoka ya atsikana. Mphunzitsi wake anali mayi wachikulire wa magalasi, amene m'mawa uliwonse alamu ankamuimitsira magalimoto kuti awoloke. Chaka chimenecho mwini nyumbayo anayamba kumanga nyumba ina pamwamba pake, anthu akugwirabe ntchito pansi. Makoma anayamba kuonetsa ming'alu. Amisiri ankaimata ndi simenti n'kupaka penti.

Inagwa m'mawa, dzuwa litakwera ndithu. Ine ndinali m'shedi. Ndinamva nthaka ikunjenjemera m'mapazi, zitsulo zoyedzamira kukhoma zinagwera pansi, kenaka fumbi loyera linakwera kuseri kwa madenga a msika. Zimene zinachitika ndisanafike ndinazimva kwa ogulitsa zinthu m'mbali mwa msewu, ndipo onse amanena zofanana.

Poyamba inagwa mbali ya kumbuyo yokha. Kutsogolo kunatsala chiimire, kutapendekeka, masitepe okwerera kusukulu akuonekera. Anthu anabalalika. Alamu analiza wezulo, anaimitsa minibasi ziwiri n'kuuza madalaivala kuti atseke nazo msewu mbali zonse kuti ambulansi zidzapeze podutsa. Atatero anavula chipewa, anachipatsa mayi wogulitsa nthochi kuti awasungire, n'kulowa m'fumbimo.

Anatuluka ndi atsikana atagwirana malaya ngati ana a sukulu ya mkaka, onse oyera ndi fumbi, ena opanda nsapato. Anabwerera. Anatuluka atabereka wina wothyoka mwendo. Anabwereranso. Anyamata ena a pamsika ataona choncho anachita manyazi, nawonso anayamba kulandirira anthu pakhomo. Ogulitsa mankhwala aja alamu anawatulutsira pawindo. Nthawi yonseyi nyumbayo inkalira, mchenga ukuyoyoka kuchokera kudenga.

Ulendo womaliza dalaivala wina anawagwira mkono.

“A Chitsa, basi. Ikugwa iyi.”

“Muli wina akuitana,” anatero. “Kodi simukumva?”

Dalaivalayo amati iye sanamve kalikonse. Alamu anachotsa dzanja lake n'kukwera masitepe. Posakhalitsa mbali yotsala ija inakhala pansi.

Kondakitala wina ndiye anandithamangira. Anati ozimitsa moto akufuna aliyense amene ali ndi makina odulira zitsulo. Za alamu sanandiuze. Tinakweza makinawo ndi jenereta pa wilibala, ndipo nditafika ndinaona mayi wa nthochi uja ataima pambali, atakumbatira chipewa cha polisi pachifuwa. Ndinayang'ana pakati pa mphambano. Panalibe munthu.

Pamene panali nyumba panali mulu wa njerwa, konkire ndi zitsulo zopindika, nsalu za m'sitolo zikulendewera apa ndi apo. Anthu ankafukula ndi manja. Mkulu wa ozimitsa moto, bambo wa imvi wosalankhulalankhula, anakwera pamwamba pa muluwo n'kukweza manja.

“Zimitsani zonse. Aliyense akhale chete, timvetsere.”

Sindinamvepo tauni yathu itakhala chete ngati nthawi imeneyo. Ngakhale ana analeka kulira. Ndiye tinamva wezulo, chapansipansi, mawu ake ang'ono ngati a kamwana ka mbalame. Kalizidwe kake ndinkakadziwa. Kanali kaja kofupika kotsatana ndi kotalika, kamene ankaimitsira magalimoto.

Tinatsata mawuwo mpaka pamene panali masitepe. Pakati pa zidutswa ziwiri za konkire panali mpata woti n'kulowa mkono. Ndinagona chafufumimba n'kuika pakamwa pampatapo.

“Alamu.”

“Ndani ameneyo?”

“Ndine, wa zitsulo.”

Ndinamva akutsokomola. “Atuma inu? Ndiye zavuta. Bedi munatiwotcherera lija mpaka lero limalira.”

Ndinaseka, misozi ikugwera m'fumbi. Ndinawafunsa ngati avulala.

“Ine ndagona bwinobwino. Ndi liti ndinagonapo masana? Mverani kuno. Kumanzere kwanga kuli aphunzitsi osoka aja. Mwendo wawo wapanikizika, koma akupuma, ndawagwira dzanja. Yambani ndi iwowo. Mulowere chakumene kunali sitolo ya mankhwala. Mukayamba kudula pamwamba panga, chonsechi chiwagwera.”

Mkulu wa ozimitsa moto anawunika ndi tochi mumpatamo, anawafunsa mafunso angapo, n'kuvomereza kuti akunena zoona.

“Achemwali anu abwera?” alamu anandifunsa.

“Ali kuseri kwa chingwe, ndi mwana.”

“Asayandikire. Muwauze kuti ndikulankhula.”

Ndinatuma munthu kukawauza. Kenaka ndinayatsa makina.

Amene sanaimepo pafupi ndi makina odulira zitsulo sadziwa phokoso lake. Limalowa m'mano. Ndinkadula chitsulo, ozimitsa moto n'kuchotsa chidutswa, n'kuchirikiza ndi matabwa, ine n'kudulanso. Nthawi ndi nthawi mkulu uja ankakweza dzanja, tonse n'kuzimitsa, ndipo wezulo ankayankha. Dzuwa linafika pamutu, linayamba kupendeka. Wezulo uja anayamba kuchedwa kuyankha, ndipo mawu ake anafupika.

Chitsulo chomaliza chotchinga aphunzitsi chinali chonenepa, ndipo chinanditengera nthawi. Chitaduka tinazimitsa makina. Tinamvetsera. Tinamva aphunzitsi akubuula, tinamva madzi akudontha kuchokera mu paipi yosweka. Wezulo sanalire.

Aphunzitsi tinawatulutsa ali moyo, magalasi atasweka, nkhope yonse simenti. Ali pamachira anandigwira malaya.

“Afulumireni bambo aja. Amanena kanthu posachedwapa.”

Alamu tinawafikira dzuwa lisanalowe. Anali atagona chafufumimba, mtanda wa konkire utawadutsa m'chiuno, mkono wamanzere utatambasukira kumene kunali aphunzitsi. Malo amene anagonawo anali osakwana ngakhale kutukula mutu. Ndinawagwira tsaya. Linali lisanazizire kwenikweni. Madokotala anatiuza pambuyo pake kuti ngakhale tikanayamba ndi iwo sakanapulumuka, chifukwa mtanda umene unawaphwanyawo ndi umenenso unkatseka magazi. Ndikhulupirira kuti alamu anadziwa zimenezi ife tisanadziwe.

M'zipinda za kumbuyo, zimene zinagwa poyamba, tinapezamo atsikana ena ndi amisiri awiri. Amenewo palibe anatuluka wamoyo.

Maliro awo anali aakulu kuposa mmene iwo akanafunira. Bokosi analikuta ndi mbendera, apolisi anaguba, lipenga linalira. Akuluakulu analankhula mawu abwino, ngakhale ena mwa iwo ankachita kuwerenga dzina papepala. Madalaivala a minibasi, anthu amene ankawatukwana tsiku ndi tsiku, anaimika ntchito n'kunyamula anthu ulele mpaka kumanda. Achemwali sanalire mokweza. Titabwerako anandikokera kuchipinda.

“Achimwene, inu ndi amene munalankhula nawo. Ananena chiyani?”

Ndinawauza zonse, ndi za bedi zomwe. Anamwetulira pang'ono.

“Pomaliza penipeni ananena chiyani?”

Ndinati sindikudziwa. Ndinali ndikudula chitsulo.

Patapita miyezi aphunzitsi aja anatuluka m'chipatala, akuyendera ndodo, ndipo anapempha kuti ndiwaperekeze kwa achemwali. Anakhala pampando wa pabalaza, achemwali pamphasa, mwana wawo ataima pakhomo la kukhitchini. Anafotokoza kuti alamu anawapeza m'kanjira ka pamwamba atatsekeredwa ndi kabati, ndipo anali atangowadzutsa pamene denga linatsika. Mumdimamo iwo anayamba kukuwa. Alamu anawafufuza ndi dzanja mpaka anawagwira.

“Anandiletsa kugona,” anatero aphunzitsi. “Ndikangoti zii, ankandifinya zala. Anati ndiwaphunzitse kusoka kolala ya malaya, kuyambira podula. Ndinawafotokozera. Ndikalumpha pena ankandibweza, amvekere, mayi, pamenepo sindinamve, bwerezani. Ndinawaphunzitsa kolala, matumba, zipi ya thalauza. Anali wophunzira wovuta.”

“Sankaopa?” achemwali anafunsa. “Bambo aja malo otsekeka sankawafuna.”

“Poyamba ndinkamva akupuma mothamanga. Anandiuza okha kuti mayi, musadabwe, ine mdima wotere sindigwirizana nawo, tiyeni tizilankhula. Sindikudziwa kuti ndani ankathandiza mnzake.” Anapukuta magalasi awo atsopano ndi nsonga ya mpango. “Nthawi ina anaseka. Ndinawafunsa chimene akuseka. Anati kwa nthawi yoyamba chilowereni ntchito, mapazi sakuwapweteka.”

Mwana uja anachoka pakhomo n'kutulukira kuseri. Achemwali anafunsa funso lawo lija, la mawu omaliza.

Aphunzitsi anapukusa mutu. “Mayi, ndikanakonda kukunamizani, koma sindingathe. Makina aja atayandikira, phokoso linadzaza monse. Ndinkamva kuti akulankhula, chifukwa dzanja lawo linkagwedezeka mmene limachitira munthu akamalankhula. Analankhula nthawi yaitali ndithu. Sindinamve ngakhale liwu limodzi. Makina atazima, anali atasiya.”

Kuyambira tsiku limenelo ntchito yanga inasintha. Ndimadula chitsulo, ndikafika pakati ndimazimitsa makina popanda chifukwa. Ndimaima, kumvetsera. Ndimamva wailesi ya wometa tsitsi, mawilibala, amayi akuitanira malonda. Anzanga a m'mashedi oyandikana nane anazolowera, salankhulapo kanthu. Nthawi zina mkati mwa phokosomo ndimamva ngati munthu akulankhula chapansipansi, mawu a mwamuna, osathamanga, ngati akupereka malangizo. Ndikudziwa kuti ndi chitsulo chabe. Komabe ndimazimitsa.

Sindine ndekha. Dalaivala uja anawagwira mkono anasiya njira yodutsa pamphambanopo, amayenda ina yotalika. Mmodzi mwa atsikana amene anawatulutsa ndinakumana naye pamsika, ndipo anandiuza kuti nkhope yawo saikumbuka. Amangokumbuka magolovesi oyera akutuluka m'fumbi. Akaona wapolisi wa pamsewu atavala magolovesi, amangoima n'kumayang'ana manja akewo.

Chaka chisanathe achemwali anaitanidwa kulikulu la apolisi kukalandira mendulo. Tinapita tonse. Anaitchula ntchito ya alamu kuti ndi chitsanzo, anajambula zithunzi, anatipatsa zakumwa. Mwezi wotsatira achemwali anatuluka m'nyumba ya apolisi, poti malamulo amatero ndipo banja lina linkadikira. Ndinawapezera nyumba ya lendi pafupi ndi kwathu, ya zipinda ziwiri. Mendulo ija anaiika m'kabati pamodzi ndi makapu a alendo. Mlandu wa mwini nyumba yogwa ija ukadali kukhoti. Pamalopo anasalaza, pano amatsukirapo magalimoto.

Loweruka lina masana ndinali kwa achemwali, ndikukonza chitseko, pamene pakhomo panafika mayi wina wochepa thupi, atanyamula kachikwama. Sitinkamudziwa. Anati amachapa zovala kuchipatala, ndipo wakhala akufunsa anthu kumene achemwali anasamukira. Achemwali anamupatsa mpando pakhonde. Atapatsana moni mayiyo anayamba kupotokola lamba wa kachikwamako.

“Mwana wanga ankaphunzira kusoka m'nyumba ija,” anatero. “Anali m'chipinda cha kumbuyo.”

Ndinaika hamala pansi.

“Sindinabwere kudzadandaula, mayi. Amuna anu anachita zazikulu. Kungoti anthu amanena kuti pobwerera komaliza anati muli wina akuitana. Ndinakafunsa aphunzitsi aja. Akuti iwo sanaitane, anali atakomoka mpaka pamene bambowo anawagwedeza. Ndiye ndimati mwina anali mwana wanga. Anali ndi mawu aakulu, kunyumba tinkachita kumuletsa. Kuchipatala anandiuza kuti anafera pomwepo, sanamve ululu. Koma ngati anafera pomwepo, ankaitana ndani? Ndikafuna kukhulupirira za kuchipatala, ndiye kuti palibe anamumva. Ndikafuna kukhulupirira kuti anamumva, ndiye kuti anavutika. Ndimangozungulira pamenepo.”

Achemwali anandiyang'ana. Pamene tinkamupeza mtsikana aliyense wa kumbuyoko, kunalibe wodziwa kuti wapita nthawi yanji.

“Mayi,” anatero achemwali, “sindikudziwa. Inenso pali zimene ndimafunsa, ndipo wondiyankha palibe. Chimene ndingakuuzeni n'chakuti bambo aja sankamva zinthu zoti kulibe. Ngati anati wina akuitana, ndiye kuti wina ankaitana, ndipo iwo ankapita komweko.”

Mayiyo anagwedeza mutu kangapo. Sindinathe kudziwa ngati mawuwo anamuthandiza kapena anamuwonjezera katundu. Anatsegula kachikwama kaja n'kutulutsa siketi ya buluu, yopindidwa bwino.

“Iyi ndi yoyamba imene anasoka yekha. Anasokera ine. Taonani mpendero wake, mbali iyi yatsika, iyi yakwera. Ndinamuseka, ndinati ndivala akadzaikonza.”

Achemwali anailandira n'kuitambasula pamiyendo pawo. Anayendetsa chala pamsoko, kuchokera m'chiuno mpaka pansi.

“Koma zipi anaika bwino,” anatero.

“Eya, zipi ankaitha.”

Achemwali anaitana mwana wawo kuti ateleke madzi a tiyi. Mayiyo anati sakhalitsa, ali ndi zochapa zambiri, koma anavula nsapato n'kukhala bwino pampandopo. Ine ndinatola zipangizo zanga mwakachetechete. Chitseko ndinadzachimaliza tsiku lina.